Nyale yanga ya mumsewu inandiitanira anamalira

Anzanga, kuno ku Bolton nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira ngati munthu wolakwitsa khomo, ana asanaweruke kusukulu kunja kwada kale. Chaka chimenecho msana unali utandichotsa ntchito yonyamula makatoni. Akunyumba, mai a Tadala, anali kalikiliki ndi mashifiti kuchipatala, Tadalayo ali kusukulu ku Leeds, ine ndekhandekha m'nyumba ngati mphaka wodwala. Mlendo? Achokere kuti? Kuno munthu ukamuitana amati "ndione kaye rota ya mashifiti kuntchito," basi nkhani yathera pomwepo.

Ndiye pothawa maganizo ndinayamba kutolera nyale zakale za mumsewu, zija anazula n'kuikapo zamakonozi zowala mbee ngati m'chipinda cha opaleshoni. Kogulitsa zitsulo zakutha anafika pondidziwa dzina. Mitu ya nyale inadzaza kuseri kwa nyumba, koma yathunthu, ya mtengo wake wachitsulo, inali imodzi, yolemera ngati ng'ombe yakufa. Kutchalitchi ndinkauza anthu kuti imeneyo inaunikirapo mfumu ya dziko lino ikudutsa pa hatchi. Umboni ndinalibe, koma nawonso otsutsa analibe. Ndinaipala dzimbiri mpaka zala kusupuka, kuipaka penti, magalasi atsopano, nthambo zatsopano. Itatha ndinalengeza pagulu lathu la pafoni kuti Loweruka nonse bwerani mudzaione ikuyaka. Ena anatumiza kachithunzi ka chala kovomereza. Wobwera anali mmodzi, a Lungu, mnzanga wa ku Chipata, amenenso ndikuganiza anangotsata tiyi.

M'mawa wa Loweruka lomwelo mai a Tadala akupita kuntchito anaima pakhomo. "Bambo a Tadala, magetsi si nthabwala. Ine ndimawaona anthu akubwera atapsa. Musandisiye ndekha m'dziko la eni." Ndinawayankha kuti ine magetsi ndinabadwa nawo, agogo anga ankagwira mphenzi ndi manja.

Tinaimika mtengo uja kutsogolo kwa nyumba. Mpanda wa maluwa unkautchinga, ndiye ndinasadza nthambi n'kuziponya pageti, zinangoti yalaa kupingasa njira. Kenako ndinati alendo akabwera akhala pati? Tinatulutsa mipando yonse ya pabalaza n'kuindandalika panja. Inu amene munakulira kwathu mwaona kale chomwe ndinkakonza. Ine sindinaone!

Kutangoda ndinakwera makwerero kukamangitsa babu, a Lungu n'kuyatsa. Phuu! Moto wabuluu, nyumba yonse mdima, ine pansi khu, chipewa uko, nsapato imodzi uko.

"Mudala, osagwilako futi!" anatero a Lungu. "Niyenda kutenga muntu oziba malaiti."

Iwo atangokhota, ndinati ndidikire chiyani ine mdzukulu wa ogwira mphenzi? Ndinatsimphina kutsikira kuchipinda cha pansi pa nyumba komwe kuli bokosi la magetsi. Chitseko cha panja ndinasiya chosatseka, mphepo inalowa, chitseko cha kuchipinda chija mee! Chogwirira chamkati chinathyoka kalekale, ndinkangoti ndikonza mawa. Foni ili pampando panja. Ndinakhala pachitini cha penti mumdima, kuzizira kukulowa mpaka m'mano.

Patapita nthawi ndinamva "Odi kuno!" Anali Mai Chirwa a kutchalitchi, omwe aja anaseka kuti ndasanduka wotola zinyalala. Ndikuwe kuti anditsegulire iwowo? Lamulungu likubwerali nkhani ikhale yanga? Ndinati ayi, ndidikira a Lungu.

Koma taganizani zomwe maiwo anaona. Masamba panjira, mipando panja, pabalaza mbee, nyumba mdima, makwerero ali gone, nsapato imodzi, fungo la zopsa. Anaimba foni yanga, inalirira pampando. Ndinangomva, "Mayo ine! A Mbewe aja apita! Nyale ija yawadya!"

Anzanga, anthu aja a rota aja! Sindikudziwa anatulukira kuti. Magalimoto anayamba kuima, mapazi pamwamba pa mutu wanga gu gu gu, azimai kukhala pansi pabalaza ndi makandulo, nyimbo ya maliro kuyambika, besi yake yochita kugwedeza matabwa. Wina anati ambulansi yanditenga, wina anati anaiona ndi maso ake. Apa ndiye pofunika kumenya chitseko, eti? Dzanja ndinakweza ndithu. Koma ndinamva Mai Chirwa akuti, "Anali munthu wosangalatsa bambo amene uja. Akalowa m'nyumba, ana onse kuseka."

Ndinatsitsa dzanja. Miyezi yonse ija palibe anandifunsa kuti msana uli bwanji, lero ndikumva kuti ndinali mzati wa Amalawi a ku Bolton. Misozi inatsika, ndinadzimvera chisoni kuti munthu wabwino chonchi wapita msanga. Ndinasendeza chitini kufupi ndi chitseko kuti ndizimva bwino. A Kumwenda, mkulu wa mpingo, anatsokomola n'kunena kuti, "Zoona, anali wabwino. Koma bodza lokha, abale, Mulungu awakhululukire. Ija ya mfumu pa hatchi ija!" Anthu anaseka pamaliro anga!

Kenako kunja kunamveka kulira kwina, kosiyana ndi konseko. Kunalibe nyimbo m'kati mwake. Wina anali atawapeza mai a Tadala kuntchito, anabwera pa takisi ndi yunifomu yomwe. "Ndinawauza ine! Ndinawauza m'mawa! Tadala ndimuuza chiyani? Ndikamuika bwanji munthu kutali konseku?" Ndinadzambatuka pachitini paja. Ndinamenya chitseko ndi manja onse awiri.

Nyimbo inaduka. Ndinamenyanso. A Kumwenda anayamba kupemphera mokweza, kudzudzula mizimu yoipa, mpaka mai a Tadala okha ndi amene anabwera kudzatsegula. Ndinatuluka, nkhope ili bii ndi mwaye, tsitsi lodzaza ndi ukonde wa akangaude, nsapato imodzi. Azimai anapondana pakhomo, Mai Chirwa anadumpha mpanda womwe uja, chitenje chinatsalira pamtengo wa nyale.

Mai a Tadala anandigwira kumaso, kundigwira pamkono ngati wodwala wawo. Pamenepo ndikanangokhala chete ndikanakhala munthu wopulumuka pangozi. Koma pakamwa panga inu mukupadziwa.

"A Kumwenda," ndinatero, "ija mwanena kuti ndinali wabodza ija ndaimva."

Dzanja la mai a Tadala linachoka pamkono panga pang'onopang'ono.

"Mwaimva?" anafunsa motsitsa mawu. "Ndiye kuti munali maso nthawi yonseyi? Anthu akundiimbira kuti ndine wamasiye, inu muli phee kumvetsera?"

Ndinafunafuna bodza m'mutu, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga silinapezeke. Mai a Tadala sanakalipe. Anavula nsapato, anakwera kuchipinda, n'kutseka. Mpaka nyengo yozizira kutha ankandilankhula ngati mmene amalankhulira odwala ovuta, mwaulemu wowawa. Nyale zonse ndinazibweza ndekha kogulitsa zitsulo, palibe anachita kundiuza.

Koma tsiku lija anthu sanachedwe, aliyense anakumbukira shifiti yake. A Lungu ndi munthu wawo wa magetsi uja anafika anthu akutuluka. A Kumwenda anavala chipewa, anandigwira chanza pageti n'kunena kuti, "Pepani a Mbewe. Tidzabweranso mukadzatsimikiza."

Ndiye ndinalumbira, anzanga. Magetsi sindidzagwiranso, ngakhale tochi ndimapempha wina andiyatsire. Ndipo maliro anga enawo, kaya anene kuti ndinali wabodza, kaya wakuba nkhuku, ndawalonjeza mai a Tadala kuti sindidzayankha.