Nsalu ya pa guwa ndi potasiyamu

Lolemba
Makoswe adya nsalu yapepo ya pa guwa! Adventi ikuyamba Lamulungu, Abambo akubwera kudzachita misa kuno. Wosunga nsalu za tchalitchi ndine. AnaNgozo, apampando a amayi, akuti: "Kiyi wa bokosi amafuna munthu wamaso." Kiyi sindipereka. Ndili ndi nsalu yoyera yotsala, ndili ndi potasiyamu uja timathira m'madzi a nkhuku. Kambewu kamodzi, ndowa yonse pepo. Fomu 4 sindinapitire pachabe.

Lachiwiri
Ndanyika. Kukongola kwake! Ambuye, ndikhululukireni, ndayenda mozungulira beseni ngati bishopu.

Lachitatu
Yauma. Si yapepo. Ili ngati tiyi wopanda mkaka. Ndikukumbukira tsopano, pamene zaipa kale: aphunzitsi a sayansi ankati potasiyamu pemanganeti sapaka mtundu, amawotcha chinthu ndi okosijeni wake, n'kusiya dzimbiri. N'chifukwa chake amapha tizilombo m'zilonda. Koma mwina ndinathira wochepa. Ndanyikanso, supuni ziwiri.

Lachinayi
Zasanduka zakhofi:
nsalu
beseni
manja mpaka m'zigongono
thaulo la amuna anga, Bambo a Yankho
Iwo akuti: "Mayi, mwayamba kufufuta zikopa?" Kukhala chete n'kupempheranso.

Lachisanu
Mandimu amachotsa dzimbirilo, zimenezi ndikuzidziwa. Ndagula thumba pa Nsipe. Wogulitsa wayang'ana manja anga, wandifunsa ngati ndi matenda opatsirana. Ndafinya mpaka zala kuwawa. Ikuyera! Malo ena.

Loweruka
Mawangamawanga ngati ng'ombe ya a Jere, oyandikana nafe nyumba. Pofinya yang'ambika pakati, ulusi wapsa. AnaNgozo adutsa "kudzangopereka moni". Aima pa chingwe nthawi yaitali. "Imeneyi ndi ya nyengo iti, anzathu?" Ndati ya kulapa. Ndasoka chibowocho, ndasita, ndiyala mawa. Aliyense adziwe kuti ndinayesetsa.

Lamulungu
Abambo aiyang'ana, andiyang'ana, apempha akatekisti aichotse. Misa yachitika pa thabwa lopanda kanthu. Kiyi ali kwa anaNgozo, amumangirira ku kolona kuti tonse tione. Ine andipatsa tsache, kunja.
Ndalapa kunyada. Abambo afunsa ngati ndikumva chisoni ndi mtima wonse. Ndati inde.
Koma Ambuye, Inu munaliko Lachiwiri. M'beseni muja inali yapepo.