Mkamwini amene ndinamusenzetsa kachewere

Mpaka lero mlongo wanga akandiona amayamba watsonya, moni pambuyo. Sindimuimba mlandu.

Ine polowa m'banja ndinakhaula. Apongozi anga anandilimitsa dimba lonse ndisanalawe n'komwe madzi a pakhomo pawo (kukhaulitsa munthu n'kumeneko, kumuzunza mpaka alumbire yekha kuti sadzayambiranso). Ndiye nditamva kuti Rozina, mwana wa mlongo wangayo, wapeza mnyamata wa ku Chidzolomondo, ndinati eya, nthawi yanga yakwana. Malume ndine, mkamwini ameneyu aone zimene ndinaona ine.

Tsiku lina ndikuyang'anira aganyu okumba kachewere m'munda mwa mlongo wanga ku Ntengo-Wambalame, kumsewu kunaima mota, njinga yamoto. Kanatsika kamunthu kowonda, kopanda ndi ndevu zomwe, nsapato zili waliwali. Kanapereka moni wa bondiya mwaulemu n'kunena kuti kachokera ku Chidzolomondo pa nkhani ya Rozina. Sindinadikire kuti kamalize. Ndinangokapatsa khasu.

Munthu uja anandiyang'ana kanthawi, n'kuvula jekete, n'kuyamba kukumba. Dzuwa litafika paliwombo ndinamuuza kuti asenze matumba, akwere nawo chitunda mpaka kumsewu. Atapempha madzi ndinati chitsime chili kutsidya, miyendo ali nayo. Kachewere wootcha tinadya tokha (ine ndinkatafuna mokweza dala). Mayi wina mwa aganyuwo anandinong'oneza kuti ndaonjeza, koma ine mtima unali mbee, ngati ndakolola kawiri.

Chakumadzulo Rozina ndi amake anatulukira kuchokera kumsika. Mwanayo atangomuona mlendoyo, dothi mpaka m'makutu, anagwada pansi n'kuyamba kulira. Abale inu, sanali chibwenzi chake. Anali malume ake a mnyamatayo, chitsirizira kwawoko, ndipo anatumidwa ngati nkhoswe kudzaona anthu amene mwana wawo azidzakhala nawo.

Mlendoyo anasamba m'manja mosapupuluma, n'kulankhula osakweza mawu.

"Achimwene, ndinabwera kudzaona mmene mumasungira akamwini kuno, ndipo ndaona. Wathuyu simumukhaulitsa. Ukwati ulipo, koma ndi wa chitengwa. Rozina azikakhala kwathu."

Ndinapepesa mpaka malovu kuuma. Ndinagwira tambala, ndinamangirira ndekha thumba la kachewere pamota yawo. Analandira zonse, anathokoza bwinobwino, koma mawu sanasinthe.

Lero Rozina ali ku Chidzolomondo, akuti mpaka ananenepa. Ndimamusowa mwana ameneyu, ndisaname. Mlongo wanga anataya mwana wamkazi mmodzi yekhayo pamodzi ndi mkamwini woti azimulimira, choncho anagamula kuti ntchito yonse ya mnyamatayo ndi yanga. Nyengo yokumba ikafika ndimasenza matumba pachitunda chomwe chija, ndi imvi zangazi, mlongo wangayo atakhala pamthunzi ndi chigubu cha madzi pambali.

Ndikapempha, amandiuza kuti chitsime chili kutsidya.