Makadi a Ndadziwakale

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza mdzukulu wanga Tiyese kutauni kuno ku Bulawayo. Watsegula kamalo kolukira tsitsi, ndiye amafuna timakadi tolembedwa dzina lake ndi nambala ya foni toti azigawira anthu. Mtsikana wa pasitolo yodindira makadi anangodina kabatani, makina n'kuyamba kulavula makadi a mitundu yonse pamodzi, ife tisanakhale n'komwe pansi. Ndinaima n'kumayang'ana, koma chimene maso anga ankaona ndi makina ena, achitsulo chakuda, opondedwa ndi phazi, amene anali kuseri kwa msika wa Limbe zaka makumi asanu zapitazo. Fungo la inki ndi palafini linandibwerera m'mphuno ngati ndatulukamo dzulo.

Inu ana obadwira kuno mukamva akulu akutchula mwambi wa Ndadziwakale mumayesa ndi dzina longopeka. Munthuyo analipo. Ndinamugulitsa utoto ndi manja angawa. Khalani pansi mumve, mwambiwo chiyambi chake n'chotere.

Dzina lake lenileni anali Laitoni Kachiwanda, mmisiri womanga nyumba wa ku Bangwe. Pa ntchito ya manja sindimuchotsera kanthu. Khoma lake linkaima chilili, ngodya zake ngati wachita kudula ndi mpeni. Matenda ake anali m'makutu. Ukayamba kumuuza kanthu, usanafike pakati iye wakweza kale dzanja: "Ndadziwa kale." Tsiku lina kondakitala ankafuna kumuuza kuti basi wakwerayo si ya ku Bangwe, analandira yankho lomwelo, ndipo Laitoni anakatsikira ku Thyolo. Dzina linamukakamira kuyambira pamenepo.

Chaka chimenecho Abiti Mkwanda, mayi wogulitsa nsalu mumsika wa Limbe, ananena kuti akufuna kumangitsa nyumba ya njerwa zowotcha, zipinda zinayi, yamalata. Laitoni moyo wake wonse ankangomanga makhitchini, zimbudzi ndi makonde a anthu. Ntchito iyi ndiyo ikanamutulutsa m'maganyu. Koma panalinso mmisiri wina woifuna, a Likoswe a ku Chigumula, ndipo Abiti anati adzasankha pakutha pa mwezi.

Laitoni anaganiza zopeza chinthu chimene a Likoswe analibe. Anali ataona bwana wina wa inshuwalansi akutulutsa kakhadi m'thumba la jekete, anthu n'kukalandira ndi manja awiri. Ndiye anapita kwa a Matewere, mwini wake wa makina aja, mkulu wodekha wovala magalasi omangidwa ndi ulusi. Pakauntala pawo pankakhala malemu agogo anu aakazi, Nasibeko, panthawiyo tisanakwatirane. Ine ndinali kalaliki pasitolo ya zitsulo ndi utoto yoyandikana nawo, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndinkapezeka pabenchi ya a Matewere, ati kukawerenga nyuzi.

"Ndikufuna makadi mazana asanu," anatero Laitoni. "Dzina langa, ntchito yanga, ndi chithunzi cha nyumba pamwamba."

A Matewere anatsegula buku la zitsanzo. Munali kanyumba kokongola, makoma, denga ndi mawindo zakuda, khomo lofiira.

"Imeneyo. Zingati?"

"Mitundu iwiri ndi makwacha asanu ndi atatu. Wakuda wokha ndi makwacha asanu."

"Makwacha atatu chifukwa cha kufiira kokha? Mumadinda ndi magazi a munthu?"

"Si choncho, bambo. Makinawa amadinda mtundu umodzi pa nthawi. Timayamba wakuda, makadi onse, n'kuyanika. Kenako titsuke makina, tithire inki yofiira, tibwezeremo khadi limodzilimodzi. N'chifukwa chake chithunzichi chili pa zidindo ziwiri. Ndiye mukachotsa chofiiracho..."

"Ndadziwa kale. Wakuda wokha."

"Komatu chidindo chakudacho pachokha chilibe..."

"Achimwene, inu dziwani za inki. Za nyumba musandiphunzitse ine."

A Matewere anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Nasibeko ndiye anayesako. Pamalopo panali lamulo lake: amadinda khadi limodzi, mwini wake adzalione, asayine m'buku kuti wavomereza, ndiye adinde otsalawo.

"Mawa mubwere mudzaone loyamba, bambo," anatero Nasibeko.

"Ndisiye ntchito ku Bangwe, ndilipire basi, kudzaona dzina langa lomwe? Bweretsa bukulo ndisayiniretu."

Anasayina pamalo popanda kanthu, n'kumapita.

Lachisanu anabwera kudzatenga. Makadi anali atakulungidwa m'pepala lakhaki, omangidwa ndi chingwe. Anamasula, maso ake n'kugwera pa dzina lake, zilembo zikuluzikulu zonyezimira inki. Sanayang'anenso china. Khadi loyamba anakalipereka kwa Abiti, amene anali otanganidwa kuyeza nsalu, ndipo anangoliponya m'kathumba kawo. Ena anagawira matelala a m'makonde, ogulitsa makala, ngakhale anthu odikira basi amene analibe ndi malo omwe omangapo. Pofika masana, makadi zana anali atapita.

Kutsogolo kwa sitolo yathu kunali mtengo umene anthu ankaseweretsapo bawo. Pamenepo m'pamene telala wina, a Sumani, analigwira khadi patali, n'kuliyandikizanso pamphuno, Laitoni ali pomwepo.

"Amisiri, nyumba yabwino iyi," anatero a Sumani. "Koma eni ake amalowera pawindo?"

Laitoni analanda khadilo. Makoma analipo, denga linalipo, mawindo awiri analipo. Pakati pa mawindowo panali khoma loyera, lopanda ndi kabowo ka mbewa komwe. Munthu wina akanaseka nawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye ayi.

"Khomo lili kuseri," anatero. "Nyumba zamakono zimatero."

A Sumani anatembenuza khadi. Kuseri kunali mbee. Analitembenuzanso, n'kulitembenuzanso.

"Kuseri kuno kulibe ndi nyumba yomwe, amisiri."

Bawo inaima. Madzulo a tsikulo ukadutsa mumsika unkangoona anthu akutembenuza timakadi, wina kuitana mnzake kuti adzamuthandize kufufuza khomo.

Laitoni analowa kwa a Matewere ngati njati yolasidwa. Anati amubera, anati amuchititsa manyazi dala, anati mwina a Likoswe apereka kenakake. A Matewere anadikira kuti mpweya umuthere, ndiye anatsegula buku n'kuloza pamene iye anasayina.

"Koma si nkhani yaikulu, bambo," anatero a Matewere. "Otsalawo ndi mazana anayi. Asiyeni pano, mupereke makwacha atatu aja, ndiwabwezere m'makina. Mawa madzulo khomo likhala lilipo."

"Ndilipire ine kuti mukonze cholakwa chanu?"

"Chabwino, perekani awiri."

"Ngakhale tambala. Kuika khomo ndi ntchito ya mmisiri. Ndikaika ndekha."

Anatuluka n'kulowa m'sitolo yathu. Anafuna kachitini ka utoto wofiira, kabulashi ndi botolo la palafini. Utoto wofiira umene tinali nawo unali wopaka malata, wamafuta, wolemera ngati phala la mwana.

"Utoto uwu ndi wa malata, achimwene," ndinatero. "Papepala kuuma kwake kumatenga..."

"Ndadziwa kale."

Zonse pamodzi zinakwana makwacha atatu ndi matambala makumi awiri. Analipira osadandaula, poti ndalamazo sizinkapita kwa a Matewere.

Zimene zinachitika kunyumba kwake anazifotokoza yekha pambuyo pake, pofuna kusonyeza kuti wolakwa unali utoto. Anasema kachidindo pa chidendene cha nsapato yakale, kakhomo kowongoka bwino, mpaka ndi pogwirira pomwe. Loweruka lonse anakhala pakhonde akudinda. Ndipo makomowo anatuluka okongola, zimenezo ndisabise. Koma a Matewere akadinda ankayala makadi limodzilimodzi pa thandala kuti aume. Laitoni anali mmisiri wa njerwa, ndipo mmisiri wa njerwa samwaza zinthu. Khadi lililonse akadinda ankalisanja pamwamba pa linzake, ngodya ndi ngodya, mulu wowongoka ngati chipilala. Atamaliza anatsindirapo njerwa ziwiri kuti mphepo ya ku Bangwe isamuulutsire.

Lolemba nthawi ya nkhomaliro ndili pabenchi ija, analowa n'kuika chinthu pakauntala. Chinalira kuti gu. Makadi mazana anayi anali atasanduka njerwa imodzi, yofiira m'mbali ngati yowotcha bwino.

A Matewere anainyamula, n'kuiyesa kulemera kwake m'dzanja. Nasibeko anatenga mpeni wodulira mapepala n'kuyesa kumatula khadi lapamwamba. Linamatuka likung'ambika. Kumsana kwake kunali kutamatirira khomo la khadi lachiwiri, pamodzi ndi chikhungu cha pepala.

"Tsopano khomo lilidi kuseri," anatero Nasibeko motsitsa mawu, nkhope ili phee ngati akuwerenga vesi.

Ine tsiku limenelo ndi limene ndinatsimikiza mumtima kuti mkazi uyu ndimukwatira.

Kuti ayambirenso panafunika makwacha asanu ndi atatu, ndipo Laitoni analibe. Ananyamula njerwa yake n'kumapita.

Mwezi utatha Abiti anaitana amisiri onse awiri kumalo awo ku Bangwe, pamtsetse woyang'anizana ndi msewu. Inenso ndinalipo. Abwana anga anandituma kuti ndikalembe malata ndi misomali yofunika, poti Abiti ankagula kwa ife. Kunali kozizira, aliyense manja m'khwapa.

Abiti anapisa m'kathumba kawo n'kutulutsa khadi lija. Laitoni anayang'ana pansi.

"Che Kachiwanda, za pepala ili sindikuimbani mlandu," anatero Abiti. "Munthu sagona m'pepala. Ndayenda ndaona ntchito zanu nonse awiri. Che Likoswe, musakhumudwe, khoma la anzanuwa n'lowongoka kuposa lanu."

"N'zoona, mayi," anayankha a Likoswe.

Laitoni anadzutsa mutu, chifuwa n'kutuluka.

"Ndiye mtima wanga uli pa inu, Che Kachiwanda. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mumvetse tisanakumbe maziko. Khomo la nyumba yanga ndikufuna liyang'ane..."

"Ndadziwa kale, mayi."

Abiti anamuyang'ana.

"Mwadziwa? Liyang'ane kuti?"

"Kumsewu. Khomo lililonse limayang'ana kumsewu."

Abiti anatembenukira kwa a Likoswe. "Nanga inu mukuti liyang'ane kuti?"

A Likoswe anavula chipewa. "Sindikudziwa, mayi. Ndimadikira kuti mumalize."

"Kumsewuko n'kumene kumachokera mphepo yozizira ya chiperoni," anatero Abiti. "M'nyumba imeneyi mudzakhala amayi anga, ndipo ali ndi mphumu. Khomo likayang'ana uko ndiwaika m'manda chaka chisanathe. Liyang'ane kumtunda, kumene mphepo siwomba. Che Likoswe, mudzayambe Lolemba."

"Zimenezo ndinali..." anayamba Laitoni, koma sanapitirize. Zaka zonse zimene ndinamudziwa, mawu oyamba kuthera panjira ali ake omwe anali amenewo. Anatola chikwama chake cha zipangizo n'kutsetsereka kulowera kumsewu, kubwerera ku makhitchini ndi zimbudzi za anthu. Abiti anamuyang'ana mpaka anakhota. Kenako anayang'ananso khadi lija, n'kupukusa mutu, n'kunena mawu amene ine ndinakawafotokozera Nasibeko, Nasibeko n'kuuza a Sumani, a Sumani n'kuuza Limbe yense.

Alipo ena ophunzira amene amati mwambiwu ndi wakale kuposa makina odindira. Sindikangana nawo. Iwo pamtsetse paja panalibe, ine ndinalipo. Koma amene akanandichitira umboni anatha. A Matewere anapita, Abiti anapita, Nasibeko wagona m'dothi la kuno kuchilendo, ndipo ine kwathu sindinapondeko zaka makumi atatu. Mutu wanganso wayamba kudontha ngati denga la udzu wakale. Ndiye mmodzi wa inu amene Chichewa sichinamuthawe m'zala atenge kope ndi cholembera, ailembe nkhaniyi ndikadali moyo. Ndipo pamapeto pake adzaikepo mawu a Abiti Mkwanda monga momwe anawanenera, osachotsa, osawonjezera:

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."