A Latif Akuopa Kufa mu Okutobala

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Phwando la Mafunde,
Lilongwe.

Olemekezeka Bwana,

Ndiloleni ndiyambire kutali, poti nawonso alendo anu amachokera kutali. Mu 1990, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndinamva pa wailesi kuti gulu lina la oimba lidzaimba Loweruka masana mu holo ina ku Limbe. Ndinali ndisanadutsepo Liwonde. A Latif, amene nthawi imeneyo ankayendetsa lole ya nsomba zouma, anandiona ndikuzungulirazungulira galimoto yawo. "Iwe mwana wa aphunzitsi, kwera pamwambapo. Ukagwa usadzandiuze." Ndinakhala pa matumba a utaka ulendo wonse, nditavala malaya oyera amene ndinasita kawiri. Pakhomo pa holo mlonda anandinunkhiza, nandifunsa kumene ndachokera. Nditati ku Mangochi, anatsegula chitseko chonse: "Munthu wokwera nsomba kudzamva gitala sangaime panja." M'katimo anthu anandisiyira malo aakulu ovinira, ndipo panapita zaka ndisanazindikire chifukwa chake.

Ndanena izi kuti mudziwe kuti sindine mdani wa nyimbo. Okutobala akafika, ndikaona mabasi a ku Mzuzu, magalimoto a manambala a ku Zambia, ndi anyamata otsika pa njinga zamoto kuchokera ku Chiponde fumbi lili mpaka m'nsidze, ndimawamvetsa. Ndikudziwa chimene chimadzutsa munthu n'kumuyendetsa tsiku lathunthu chifukwa cha nyimbo imodzi. Choncho kalatayi si yodandaula. Ndi yothokoza, m'malo mwa anthu a m'mudzi wa Kaundu, pakati pa Nkopola ndi Makokola, amene mumakhala nawo moyandikana masiku atatu pa chaka ngakhale sitinaonanepo.

Choyamba, tikuthokoza mpanda. Ndi wokongola, wamalata atsopano, woyambira ku msewu wa tala mpaka kulowa m'madzi ofika m'chiuno. Pakati pa mudzi wathu ndi manda a ku milambe itatu pali kanjira kodzera pamchenga, ka mapazi mazana atatu basi, kamene mpandawo umatseka. Agogo athu onse anadzera pomwepo, ali pamapewa. Sitinkadziwa kuti tinkalakwitsa mpaka pamene tinawerenga chikwangwani chanu chonena kuti alendo adzavina "pa mchenga umene phazi la munthu silinapondepo". Tinayang'ana mapazi athu, Bwana, ndipo tinachita manyazi.

Chachiwiri, zibangili zapulasitiki zija mumaveka alendo pamkono. Kale kudziwa munthu kunali kovuta: unkafunsa kwawo, bambo ake, kumene amapemphera. Inu mwatipeputsira. Wachikasu amaima kumbuyo, wofiira amafika pakati, wagolide amakhala pa mpando pafupi ndi oimba. Wa mkono wopanda kanthu ndi wa ku Kaundu.

Chachitatu ndi chachitali, mundipirire.

Chaka chatha, Loweruka la phwando lanu, a Zena, akazi awo a Latif, anamwalira kutangocha. Anali atakhala m'banja zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Anasankha tsiku molakwika, ndipo ndikuwapepesera. Sanali munthu wowerenga zikwangwani. Mwina kulikuluko simudziwa kuti abale athu Achisilamu sagoneka maliro. Amayi anasambitsa thupi, nalikulunga mu sanda, nsalu yoyera ya maliro, ndipo itatha swala, pemphero la masana, amuna motsogozedwa ndi a Shehe ananyamula jeneza, machira aja, kulunjika kanjira ka masiku onse. Ine ndi Akhristu anzanga tinali m'mbuyo.

Pachipata panali Swadick, msodzi wa m'mudzi momwemo, bambo wa ana atatu, amene munamulemba ulonda wa masiku atatu. A Zena ndi amene anamusambitsa tsiku lomwe anabadwa. "A Shehe, ndikhululukeni," anatero. "Akuti wopanda chibangili asadutse. Imani ndifunse." Anayankhula mu kawailesi kake, ndipo tonse tinamva yankho. Mawu a mkulu wa alonda anafunsa kuti ndi anthu angati. "Makumi anayi, bwana, kuphatikiza ndi malemuwo." Kenako mawu aja anati, "Auzeni abwere Lolemba, tikhala titachotsa mpanda."

Ndaphunzitsa zaka makumi atatu, koma sindinamvepo yankho laulemu chonchi. Sanatithamangitse ayi. Anatipatsa tsiku.

Nyanja inali itawinduka, bwato silikanatheka. Tinakwera mpaka ku tala, kutsata msewu, kuzungulira poimika magalimoto, kuzungulira matenti, kenako kutsikira ku milambe. Ola limodzi ndi mphindi makumi anayi, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Swadick anavula kajekete kanu kowala, nakapachika pachipata, n'kuika phewa lake pa jeneza. Tikuthokoza kuti tsiku lomwelo munam'masula kuti abwerere ku maukonde ake.

Kuno kuli mwambo wakuti mwamuna aliyense wokumana ndi jeneza amaikapo phewa, kuyenda mapazi angapo, n'kusiyira wina. Ndi chifukwa chake onyamula amaoneka ngati akusinthanasinthana mothamanga. Alendo anu, amene anali pamzere wa magalimoto, anaona anthu ovala zoyera akusinthana chonchi akuimba motsitsa, ndipo anakweza mafoni. Mayi wina anaomba m'manja. Sindikuwaimba mlandu, anachokera kutali kudzaonera, ndipo anaonera. Mawa lake chithunzi chathu chinatuluka pa tsamba la kampani yanu, pansi pake palembedwa kuti "gule wamakolo wa m'mbali mwa nyanja". Chinakondedwa ndi anthu zikwi ziwiri. A Zena ali moyo ankathawa kamera.

Ndisabise chabwino. Bambo wina wa ku Mzuzu, wa chibangili chagolide, anatsika m'galimoto, navula chipewa, nafunsa kuti, "Ndi maliro kodi?" Anaika phewa ndipo sanabwerere mpaka ku milambe. Dzina lake sitikulidziwa. Mukam'peza m'mabuku anu, mum'patse moni.

A Latif sanathe kuyenda mtunda wonsewo. Miyendo inawakanika pafupi ndi poimika magalimoto, ndipo anakhala pa mwala, natiuza kuti tisawadikire, dzuwa lingavutitse onyamula. Pamene tinkapeza kabaza wowanyamula, kumanda anali atayamba kale kukwirira. Mwamuna amayenera kuponya dothi katatu ndi dzanja lake. Iwo anafika n'kupeza mtumbira.

Chachinayi, tikuthokoza mphatso. Tinalemba makalata asanu ndi imodzi. Yachisanu inayankhidwa ndi phukusi: masikipa awiri a phwando, okhala ndi chithunzi cha mafunde ndi mawu aakulu pachifuwa akuti NDINALIPO! Ndinawatengera a Latif. Anatembenuza sikipa imodzi, naiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa zilembo. "Aphunzitsi, apatseni ena. Ine ndi amene kunalibe."

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa cholembera. A Latif ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi. Mtima wawo watopa, miyendo yatupa, ndipo kuchipatala anawauza zimene amauza anthu akafuna kuti akapumire kunyumba. Imfa sakuiopa. Akuopa Okutobala. Madzulo aliwonse ndikadutsa pakhonde pawo pochokera kusukulu, funso ndi lomwelo: "Aphunzitsi, masiku a anthu a nyimbo aja atuluka? Mundifufuzire, ndidziwe ngati ndifulumire kapena ndipirire." Ndikawaseka, iwo saseka. "Zena anali wopepuka," amatero. "Ine mukundiona. Anyamatawa andinyamule mpaka ku tala? Adzanditukwana m'njira, ndipo ndidzakhala ndikumva."

Munthu amene anandikweza pa matumba a utaka kuti ndikamve gitala, lero akuwerengera mankhwala ake ndi kalendala yanu. Sindikudziwa woimba wina aliyense amene otsatira ake amafika pamenepa. Muyenera kunyadira.

Zimene takhala tikupempha m'makalata onse aja ndi zazing'ono moti ndikuchita manyazi kuzibwereza: kampata kokwana anthu awiri oyenda moyandikana, kotsegulidwa maliro akachitika, kwa mphindi khumi. Nyimbo musazimitse. A Latif akuti angakonde kudutsa gitala ikulira, bola isakhale yokhayokha ya pa kompyuta.

Ndikanathera pomwepa, koma dzulo kwabwera nkhani yosangalatsa. Kalata yanu yafika: mwavomera kukumana nafe. Mkazi wanga Malita anailulutira. Msonkhano udzachitikira ku ofesi yanu ku Lilongwe, Lachisanu likubwerali, nthawi ya 12 koloko masana, kwa mphindi khumi ndi zisanu. Taona nzeru yanu, Bwana. Kanjirako kali kuno, mchenga uli kuno, manda ali kuno, choncho malo oyenera kukambirana ndi Lilongwe. Taonanso kuti mwasankha nthawi ya swala ya Ijuma, pemphero lalikulu la Lachisanu, kuti a Shehe ndi akuluakulu a mzikiti asavutike ndi ulendo. Pomaliza nafenso a ku Kaundu tiyenda mtunda wautali chifukwa cha phwando la nyimbo, ngati anthu ena onse.

A Latif akuti apita. Ana awo akana, ine ndakana, koma atumiza kale mkanjo wawo woyera kwa Malita kuti ausite kawiri. "Ndinakutengera ku Limbe," anandiuza. "Tsopano iwe unditenge. Ndikagwa usadzandiuze." Tinyamuka Lachinayi pa minibasi yodzera ku Golomoti. Akuti adzaswalira pakhonde la ofesi yanu, ngati kumeneko kulibe zibangili.

Pempho langa lomaliza ndi ili, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Ngati Lachisanu mudzaone kuti kampata kaja kangaipitse mchenga wanu wosapondedwa, sitidzalimbana nanu. Mudzangotisungira zibangili makumi anayi ndi chimodzi. Makumi anayi zikhale zachikasu, za onyamula. Sadzachedwa m'katimo ndipo sadzayang'ana oimba. Chimodzicho chikhale chagolide, poti mwini wake adzakhala patsogolo, ndipo sanakhalepo patsogolo pa chinthu chilichonse. Mudzatiuzenso, Bwana, ngati malamulo anu angalole kuti tidzachimange kunja kwa sanda, kuti alonda anu asadzavutike kufufuza mkono.

Ine wanu wa mkono wopanda kanthu,

Ambrose Chilambe,
Mphunzitsi, Kaundu, Mangochi.