Girizi wa a Wendell Tackett

A Wendell Tackett sankamaliza khofi. Funsani aliyense kuno ku Laurel Bend. Ankangomwako kamodzi, khutu n'kuima, maso ali pazenera, ndipo usanawafunse n'komwe kuti adzuka bwanji, anali atatuluka kale, chidebe cha girizi kudzanja ili, burashi kudzanja ilo. Ndinawathirira khofi zaka makumi atatu m'lesitilanti yanga, koma sindinatsukepo kapu yawo ili yopanda kanthu.

Vuto linali pakona. Njanji yathu imakhota kwambiri kuseri kwa tchalitchi, n'kuzungulira manda, kenako n'kuyamba kukwera chitunda. Sitima ya malasha ikapeza konayo ili youma, magudumu amakhulana ndi chitsulo n'kulira kulira kolowa m'mano. Ntchito ya a Wendell inali kupaka girizi pamenepo kuti phokoso lithe komanso kuti njanji isadyeke. Anzawo ntchito ankaisiya pageti, koma iwo ankapita nayo mpaka kutchalitchi.

Lamulungu lina anaimirira ulaliki uli mkati.

"Abusa, taimani kaye. Mukumva?"

"Ndikumva chiyani, a Tackett?"

"Kona yauma. Pitirizani ndi Yobuyo, ndimupeza."

Akazi awo, mayi Opal, sanacheuke n'komwe. Ankakonda kunena kuti anakwatiwa osadziwa kuti akulowa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi njanji.

Mdani wawo anali Virgil Sizemore, woyendetsa sitima, chifukwa ankathira mchenga panjanji kuti magudumu agwire pokwera chitunda. Akakumana kwanga zinkavuta.

"Iwe Virgil, ine ndapaka m'mawa, iwe wabwera ndi mchenga wako. Kwanu mumathira mchenga mu supu?"

"Mdala, popanda mchenga chitunda chija sindikwera. Mukufuna ndizikankha ndi phewa?"

"Bola phewalo lingagwireko ntchito."

Akatero ankatembenukira kwa tonsefe n'kuyamba phunziro lawo la tsiku ndi tsiku. Girizi amapaka m'mbali mwa njanji, mkati, momwe mlomo wa gudumu umakhula. Pamwamba ndi pogwirira sitima, sapakapo. "M'mbali, osati pamwamba," ankatero, chala chili m'mwamba. Ife tinkangogwedeza mitu uku tikudula nyama m'mbale. Munthu akamanena chinthu chimodzi tsiku lililonse, makutu amatseka okha.

Atapuma pantchito, kampani inaika makina opopa girizi okha. A Wendell ankapita kukawazonda ngati wodwala wa m'chipatala, ndipo ankabwerako akusangalala akawapeza atatsekeka ndi kuzizira. Akampani anawathamangitsako a Wendell kangapo. M'mawa mwake anali komweko ndi chidebe.

Kenako mapapo anayamba kuwavuta. Munthu amene sankakhala pampando mphindi zisanu anagona pabedi miyezi iwiri, zala zokha zikugogoda bulangete. Malo awo kumanda anali atasankha kale, pafupi penipeni ndi kona. Nditapita kukawaona anandigwira dzanja.

"Nola, mlongo wanga, chinthu chimodzi chokha. Pamene muzidzanditsitsa, sitima isadzalire. Ndaitontholetsa moyo wanga wonse. Isadzandiseke pamaso pa anthu."

"Musadandaule, a Wendell. Siidzalira."

Ndinalonjeza mosavuta, monga timalonjezera odwala.

Anamwalira mu Febuluwale, kukuzizira koopsa, makina aja atauma gwa. Abusa anaika mwambo wa kumanda leveni koloko, nthawi yeniyeni ya sitima ya malasha, ndipo anakana kusintha chifukwa masana anali ndi maliro ena kuseri kwa phiri. Mtima wanga sunakhazikike. Ndinapsereza mazira a anthu, ndinathira mchere mu khofi, mpaka ndinavula epuloni n'kupita kwa mayi Opal.

"Mayi, chidebe chija chili kuti?"

"Pakhonde. Dikira ndivale nsapato, tipitire limodzi."

Tinapita ife awiri ndi makasitomala anga anayi, tonse titavala kale zakuda. Tinapaka ndi mtima wonse. M'mbali, pamwamba, paliponse pamene burashi inafika, kuyambira kuseri kwa tchalitchi mpaka m'munsi mwa chitunda. Njanji inanyezimira, ife n'kubwerera tikudzitama kuti ntchito ya zaka makumi atatu taigwira pa ola limodzi.

Bokosi lili pazingwe, sitima inatulukira. Inalowa pakona mwakachetechete, osalira ngakhale pang'ono. Mayi Opal anandifinya dzanja, ine misozi ili mbwee. Kenako injini inayamba kubangula, magudumu akuzungulira pamalo amodzi, ndipo sitima yonse ija ndi malasha ake inachedwa, inachedwa, mpaka inaima pafupi ndi mpanda wa manda.

Virgil anatsika atafiira nkhope. Anapaka chala panjanji n'kuchiyang'ana.

"Ndani wapaka pamwamba?"

Tonse tinabisa manja kumbuyo, abusa okha ndi amene anali ndi zala zoyera. Virgil anationa, anaona bokosi, ndipo anavula chipewa pang'onopang'ono.

"M'mbali, anthu inu," anatero chapansipansi. "Zaka makumi atatu mdalayu akukuuzani."

Anadumpha mpanda n'kudzagwira nawo chingwe. Sitima inaima pomwepo mpaka dothi lomaliza litathiridwa, ndipo kuti ichoke panatha mchenga wonse umene Virgil ananyamula. Mayi Opal anapukuta m'maso n'kunena kuti aka kanali koyamba mkazi mnzawo kusiya zochita zake kuti apereke ulemu.

Lonjezo ndinalisunga, ngakhale kuti mwini wake akanandithamangitsa ndi burashi. Chidebe chija chili kuseri kwa chitseko changa, palibe amene amalimba mtima kuchigwiranso. Kukazizira makina amatsekekabe, kona n'kulira, ndipo m'lesitilanti tonse timangoti zii, makapu ali m'malere, tikuyang'ana pazenera. Palibe amene amaimirira. Aliyense amamaliza khofi wake, ine n'kutolera makapu opanda kanthu, ndipo kunena zoona zimandiwawa.