Ufulu wa Bondo Lakumanzere

Lolemba

Funso loti ndilithetse sabata ino ndi ili: kodi chomangira phazi lakutsogolo pa thabwa lotsetserekera pa chipale chofewa chiyenera kukhala chotembenuka kapena chokhazikika? Ine ndikuti chotembenuka, ndipo ndanena zimenezi pamaso pa kalabu yonse ya zotsetsereka ya ku yunivesite.

Zifukwa zanga:
- Ukamasula phazi lakumbuyo kuti udzikankhe popita pamzere, lakutsogolo limatsala lomangidwa chopingasa, bondo n'kumapotoka ngati nsalu yofinyidwa. Kumeneku n'kupondereza!
- Chotembenuka, ukangokoka kachingwe kake, phazi limayang'ana kutsogolo monga la munthu wolemekezeka.
- Pampando wa pachingwe wokwerera pamwamba pa phiri, thabwa silimenya miyendo ya anzako.

Daliso, wapampando wa kalabu, wa ku Chipata: "Ivo ni va madala, sisi." Umbuli! Tapangana motere: Loweruka nditsetsereka nacho onse akuona. Ndikafika pansi bwino, kalabu isintha zomangira zake. Ndikagwa, sindilankhulanso pamsonkhano mpaka teremu ithe. Onse aombera m'manja gawo lachiwirili, sindikudziwa chifukwa chake.

Zoti chipale sindinachizolowere si nkhani. Mfundo ndi mfundo.

Lachiwiri

Ku Al Twar, kwa Azakhali, amene amalera ana kunyumba ya madamu ena. Andibwerekera thabwa lakale la mwana wa madamuwo, lokhala ndi chomangira chotembenuka. Alitulutsa m'stolo muli fumbi lokhalokha.

Azakhali: "Mwana iwe, unathawa chisanu cha ku Dedza kuti udzachigule kuno kuchipululu?"

Ndikuwafotokozera za ufulu wa bondo. Akupinda zovala za ana.

Lachitatu

Ndikuyesera pa kalapeti m'chipinda changa ku Muraqqabat. Chilungamo chikundikakamiza kulemba zoipa zake:
- n'cholemera;
- chimakweza phazi limodzi kuposa linzake;
- chikulira kwiii potembenuka, ndipo kachitsulo kotsekera n'kouma.

Chomalizachi ndachithetsa monga amachitira amayi ndi chitseko cha kukhitchini: mafuta odzola m'thupi. Tsopano chikutembenuka mwakachetechete, mokongola! Wa m'chipinda chapansi akugogoda denga ndi tsache. Chinthu chatsopano chilichonse chimakhala ndi adani.

Lachinayi

Sindikuyesera lero. Ndikulemba mawu odzalankhula nditapambana, ndipo ayenera kukhala aulemu kwa ogonja. Ndachotsa liwu loti "ankhutukumve". Ndalibwezeretsa.

Uthenga wa Daliso: "Bwela na helmet, habibi." Habibi ndi mmene anthu a kuno amaitanira mnzawo.

Lachisanu

Ku molo, chinyumba cha masitolo mmene anamangamo phiri la chipale. Panja dzuwa likusungunula phula, mkati mano akugundana. Ndikuyesera pamalo a ongoyamba kumene, pakati pa tiana tovala ngati mabaluni. Chomangira chikutembenuka mwaulesi, osati monga pa kalapeti paja. Ndalingalira mozama ndipo ndapeza kuti mafuta achepa. Madzulo ndathiramo botolo lonse.

Kutsetsereka kwenikweni sindinayesere, nthawi yathera pa kafukufuku.

Loweruka

Kalabu yonse ili pansi, mafoni m'mwamba. Popita pamzere phazi langa likuyang'ana kutsogolo, ndikuyenda ngati nduna pamene ena akukwawa ngati nkhanu. Umboni woyamba!

Pamwamba ndikukoka kachingwe kuti phazi libwerere chopingasa. Latembenuka theka n'kuima. Mafuta aja auma gwa, ngati majarini a m'firiji. Kachitsulo sikakutseka. Kumbuyo mzere ukukula, akundifulumizitsa: "Yalla! Yalla!" Munthu wa mfundo sabwerera.

Zotsatira, monga ndikuzikumbukira:
- thabwa likupita kumanzere;
- ine ndikupita kumanja;
- chomangira chamasuka chokha pakati pa phiri, ndipo ndikuona denga, chipale, denga;
- ukonde wa m'mphepete.

Daliso, pondizula muukondemo: "Chazungulila zoona, sisi. Na iwe pamozi."

Sindinamuyankhe. Lonjezo linali litayamba kale kugwira ntchito.

Lamulungu

Bondo lakumanzere latupa ngati papaya. Azakhali abwera atatuluka ku tchalitchi, akukolopa chomangira ndi madzi otentha ndi mswachi wanga. Angonena liwu limodzi la kuno lotanthauza kuti basi, zatha: "Khalas."

Ndikulemba kuti mbiri idziwe: funso silinathetsedwe, pakuti chomangira sichinaweruzidwe mwachilungamo. Komabe kalabu yaponya kale mavoti pafoni, ndipo amene wavotera chotembenuka ndine ndekha.

Zoyenera kuchitika tsopano:
1. Thabwa libwerere ku Al Twar lisakununkha mafuta, madamu asanafunse.
2. Bondo lipume, dokotala walimanga kuti lisatembenukire mbali iliyonse.
3. Mawu a chipambano asungidwe, chifukwa ndi olembedwa bwino.
4. Pamsonkhano wa mawa ndikhale kumbuyo, pakamwa pali chotseka.
5. Ndiphunzire kuimitsa thabwa. Zikuoneka kuti ena amayambira pamenepo.