Filimu Yopepuka

Pulani yonse inabadwira pa tebulo la pakona, pomwe mwini bala amakhazika anthu oyamwa botolo limodzi masana onse. Anali atatu. Mapulani ndiye anali bwana, woyankhula akugogoda tebulo ndi chala. Pulofesa anasesapo m'situdiyo ya zithunzi mpaka kum'chotsa, ndipo kuyambira pamenepo ankavala magalasi. Chigubu ntchito yake inali kunyamula zolemera ndi kuvomereza.

"Mbava zimagwidwa chifukwa cha umbuli, amwene," anatero Mapulani. "Zimalowa m'nyumba osaidziwa. Ife nyumba ya mwini malole uja tiyamba taijambula. Zitseko, mawindo, maloko, galu. Kenako tikhala pansi n'kuiphunzira bwinobwino."

"Sayansi," anatero Pulofesa.

"Bho," anatero Chigubu.

Kamera sinali yovuta kupeza. Mlamu wake wa Mapulani, wojambula weniweni, popita kutali kukagwira ntchito anasungitsa katundu wake kwa mlongo wake: kamera, mabotolo a mankhwala otsukira filimu, ndi chimakina chokulitsira zithunzi. Mlongo wakeyo ndiye mkazi wa Mapulani, wokonza tsitsi ku saluni, amene anyamatawa ankamutcha Mphenzi akaonetsetsa kuti palibe.

Tsono mvetserani apa. Pamwamba pa wadiropu panali kachitini, ndipo m'kachitinimo munali mafilimu awiri ofanana ngati mapasa, onse atatulutsa kalilime. Imodzi inali yatsopano. Inayo inali ya ukwati wa Mapulani ndi Mphenzi, yosatsuka, ikudikira mlamu uja adzaitsuke ndi manja ake. M'menemo munali bambo ake a Mphenzi atagwira mwana wawo mkono, ndipo mkuluyo anatisiya ukwati utangopita. Chithunzi chawo china kunalibe. Kachitiniko Mphenzi ankakapukuta fumbi ngakhale kalibe fumbi.

"Yatsopano ndi iti?" ananong'ona Mapulani, chikhalirecho mkazi wake anali kuntchito. "Tikalakwitsa apa ine mukandipeze kumanda."

Pulofesa anaika imodzi dzanja ili, ina dzanja linalo, n'kutsinzina.

"Ku ukwati wanu kunabwera anthu ochuluka bwanji?"

"Tchalitchi chinadzaza."

"Ndiye ya ukwati ndi iyi, ikulemera. Muli anthu. Titenge yopepukayi."

Abale inu, anthu akuluakulu a ndevu zawo!

Kwa mwini malole analowa pageti ngati alendo olemekezeka. "Pulomoshoni, mayi, tikujambula ulere!" Dona wa pakhomopo atamva za ulere anasintha madiresi mpaka kutuluka thukuta. Mapulani ankakuwa kuti "Sekererani!" kamera italoza loko wa chitseko. Anajambula sofa, kabati ya magalasi, wailesi ya kanema ndi chigalu chakuda chitakhala pakapeti ngati mwini nyumba. Mpanda wa kuseri wokha ndiwo anaujambula akuthamanga, osayang'ana n'komwe, chifukwa chigalu chija chinali chitakonda thalauzi la Chigubu.

Kupita nayo filimu ku situdiyo kukanakhala kudzipereka okha, choncho anaganiza zoitsukira m'bafa la Mapulani, Mphenzi ali ku saluni. Anakhoma mabulangete pawindo, n'kutseka pansi pa chitseko ndi thaulo. Mdima unali wa ndiweyani.

"Filimu ikaona kuwala yafa," analengeza Pulofesa akuisolola. "Sizasi ili kuti?"

Chigubu, mwana wa mtima wabwino, anayatsa machesi kuti amuthandize kufunafuna.

Mbama imene inalira m'bafamo anaimva ndi aneba. Machesi anazima, koma theka la filimu linali litapita kale.

Kenako anakangana kuti botolo loyamba kuthira ndi liti, mpaka Chigubu analawa onse awiri n'kunena kuti loyamba likhale lowawa pang'onolo. Mwamwayi wa zitsiru, analondola. Wotchi analibe, ndiye Pulofesa anayeza nthawi poimba nyimbo ya kwaya, n'kuiwala ndime yapakati, n'kuyambiranso. Filimu itauma pa chingwe cha zovala, anakulunga tochi ndi duku lofiira la Mphenzi, n'kuyamba kutulutsa zithunzi m'beseni lochapira.

Pepala loyamba linayamba kuonetsa zinthu pang'onopang'ono. Sofa uja. Kabati ija. Kenako pakati pa balaza la Dona panatulukira mkwatibwi, velo mpaka pansi, maluwa m'manja.

"Iii, alamu!" anadabwa Chigubu. "Anafikako liti kwa mwini malole?"

Mapulani anangokhala m'beseni momwemo. Anali atajambula nyumba yonse pamwamba pa ukwati wake. Anatenga filimu ija n'kuiunika cha pa tochi, akufunafuna apongozi ake. Pamene panayenera kukhala mkuluyo panali bii, mbali ija ya machesi. Mantha amene anamugwira sanali a polisi ayi, anali a Mphenzi, komanso chisoni chinalipo, poti mkuluyo ankamukonda.

"Bwana, taonani ichi," anatero Pulofesa. "Chimodzi chatuluka choyera."

Chinalidi chopanda mkwatibwi. Chinali cha mpanda wa kuseri, ndipo pakati pa mpandawo panali chikhomo chachikulu cha matabwa, chotsekuka pang'ono.

"Geti la kuseri, ndipo satseka!" Mapulani moyo unabwerera. "Dilu ikatheka mkazi wanga ndimugulira saluni yakeyake, aiwala zonsezi."

Chithunzi cha khomolo anachiika m'thumba, zinazo anazibisa pansi pa matiresi zisanaumitsitse.

Mwamuna wobisa chinthu pansi pa matiresi ndiye kuti sanayalepo bedi. M'mawa mwake Mphenzi anazipeza. Analira ndi chimwemwe. Anati mumtima mwake, bambo a kunyumba andikonzera modzidzimutsa, mpaka kundiika m'nyumba ya mabwana, ndipo cha bambo anga chikubwera. Sanawafunse kanthu kuopa kuwasokonezera. Anangozitenga kukaonetsa anzake ku saluni.

Zithunzi zinayenda dzanja ndi dzanja mpaka zinafika kwa kasitomala amene mutu wake unali m'chowumitsira tsitsi. Kasitomalayo anatulutsa mutu.

"Sofa uyu ndi wanga. Kabati iyi ndi yanga. Nanga bambo a suti awa si wojambula wa ulere uja?"

"Amuna anga amenewo!" anatero Mphenzi monyadira.

"Tsono amuna anuwo loko wa chitseko changa amam'funa chiyani? Taonani wakhala pachipumi pa abusa."

Dona anatuluka mawaya opotera tsitsi ali m'mutu, ulendo wa kupolisi.

Lamlungu m'mawa, nthawi imene Mapulani anati anthu onse amakhala ku mapemphero, atatuwa anafika kuseri kwa mpanda ndi matumba, chitsulo chothyolera maloko ndi wilibala. Mpanda unalipo. Khomo panalibe.

Anauyenda kuchokera ku ngodya iyi mpaka ku ngodya iyo, akusisita njerwa. Chigubu anagogoda. Pulofesa anatembenuza chithunzi chadodolido.

"Mwina amanga usiku," anatero Chigubu.

"Ndi ndere zomwe?" anakalipa Mapulani.

"Chithunzi sichinama, bwana," anatero Pulofesa. "Wonama ndi mpandawu."

Pansi pa mtengo panali bambo wina wovala masilipasi, akuwerenga nyuzipepala. Anaipinda n'kubwera mwaulemu.

"Mwataya chiyani, achimwene?"

"Khomo," anayankha Chigubu. "Timati tilowerepo eni ake asanabwere."

Mapulani anamuponda phazi, koma mawu anali atatuluka. Bamboyo anapempha chithunzi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

"Khomo ili ndikulidziwa. Ndi la tchalitchi cha kumtunda uko. Taonani kamtanda pamwambapa, ndi kariboni ka ukwati aka. Amene anakwatirira pamenepa ndani?"

Mapulani anakweza dzanja pang'onopang'ono. Tsiku la ukwati wake anali akunjenjemera kotero kuti khomolo sanalione n'komwe.

"Musatsitse," anatero bamboyo akutulutsa unyolo m'thumba. "Kwezaninso linalo."

Apolisi ena awiri anatuluka m'maluwa akupukuta misozi ya kuseka. Wilibala ija inathandiza kunyamulira umboni.

Mphenzi anabwera kudzamuona kupolisi atavala bwino, tsitsi lili m'malo mwake. Mapulani anayembekeza chiphaliwali, mpaka anabwerera kukhoma. Koma mkaziyo anafunsa motsitsa mawu.

"Cha bambo anga chili kuti?"

"Mayi a kunyumba, kunali machesi..."

Mphenzi anangogwedeza mutu, misozi n'kutsika yokha, osaipukuta. Chigubu analira mokweza kuposa iye. Kenako mkaziyo anatsegula chikwama n'kutulutsa chithunzi chimodzi, chitaikidwa kale m'felemu.

"Cha ife awiri chimene chatuluka bwino ndi ichi chokha. Ndikukachipachika pabalaza."

Mapulani anasuzumira. Mkwatibwi anali wokongola zedi, akumwetulira. Pambali pake panali suti ya mkwati, tayi ndi duwa pachifuwa, koma pamwamba pa kolala panali mutu wa chigalu chakuda chija, lilime lili panja.

"Koma akazi anga, alendo akabwera azidzati chiyani?"

"Azidzati ndinakwatiwa bwino," anatero Mphenzi akutseka chikwama. "Uyu amalondera nyumba."